Ndege imodzi, madontho awiri

Lolemba ndinafika pabwalo la ndege la Robert Gabriel Mugabe ku Harare kusanache. Sabata yonseyi tinkayesa makina atsopano oonetsa ndege zili mlengalenga, akale nawo akugwirabe ntchito pambali. Ine ndimasamala makinawa. Olankhula ndi oyendetsa ndege pa wailesi ndi anzathu a m'chipinda chowongolera, koma chikaoneka chachilendo pa sikirini, foni imalira kwa ife.

Radar yakale imaponya mafunde n'kudikira kuti abwerere akagunda ndege, siifunsa dzina. Yachiwiri imafunsa pa 1030 MHz, ndipo kachipangizo ka m'ndege kotchedwa transponder kamayankha pa 1090 MHz, kutchula nambala yake ndi pamene yafika pokwera. Ya Mode S imaitana ndege iliyonse payokha, poti iliyonse ili ndi adiresi yakeyake. Pamwamba pa izi pabwera ADS-B: ndege imawerenga malo ake kuchokera ku satelayiti n'kumadzilengeza yokha, pafupifupi kawiri pa sekondi.

Lachiwiri masana anandiitana mayi wina wowongolera ndege, wa ku Mufakose mu Harare momwemo. Agogo ake anachokera ku Dedza, anga ku Ntcheu, choncho wailesi ikangokhala chete timalankhula chathu. "Achimwene, tabwerani muone. Yochokera ku Johannesburg iyi ndi imodzi, nanga pano ziwiri bwanji?" Zoonadi, madontho awiri, nambala imodzi. Linalo linkaoneka masekondi ochepa, patali pang'ono, kenako n'kuzimirira. Iwo anabwerera pa sikirini yakale, ndipo sindinawaone olakwa. Munthu amene wanyamula miyoyo ya anthu mazana sangadalire chida chimene chamunamiza kamodzi.

Lachitatu lonse linapita ndikuseweranso zimene makina anajambula. Ndinayamba ndi kukayikira wotchi, chifukwa nthawi ya radar ikasiyana pang'ono ndi ya ADS-B, kompyuta imalephera kuphatikiza malipoti awiriwo n'kuyesa ndege ziwiri. Wotchi inali bwinobwino. Usiku ndili mu kombi yopita ku Mabvuku ndi pomwe ndinakumbukira kuti dontho labodzalo linkatulukira mbali imodzimodzi nthawi zonse.

Lachinayi tinatuluka panja ndi mkulu wathu, amene tonse timangowatcha madala. Anaima, n'kuyang'ana kumene ndinawalozera, nati, "Mwana wanga, khoma lamalata lija laliwona?" Mafunde ankagunda khomalo n'kukhotera kwa ndege, yankho nalo n'kubwerera njira yomweyo. Radar inkayesa kuti ndege ili kumene mlongoti wake wozungulira unaloza, ndipo poti njira yokhotayo ndi yaitali, inkaiika patali kuposa pomwe inali. Tinayeza mbali ndi mtunda wa khomalo, tinalowetsa mu kompyuta kuti ilidziwe, ndipo ndege zamadzulo zonse zinabwera ndi dontho limodzilimodzi.

Wina angati dontho limodzi ndi nkhani yaing'ono. Koma wowongolera akamaziona bwino ndege, angathe kuzisiyanitsa ndi makilomita pafupifupi 9. Akangodalira zonena za oyendetsa pa wailesi, zotsatana pa msinkhu umodzi amazitalikitsa ndi mphindi 10, omwe ndi makilomita pafupifupi 150. Thambo lathu ndi njira ya ndege zochoka ku Johannesburg kupita ku Lusaka, Lilongwe, Nairobi ndi ku Ulaya. Mpata ukakula, zina zimauluka pansi pa msinkhu woyenera, mafuta n'kumapsa.

Lachisanu pa tiyi mnyamata wina watsopano anafunsa chifukwa chake tikuvutikabe ndi mlongoti wozungulira, pomwe ADS-B ndi yotchipa. Funso lake n'labwino, koma ine sindivomera kutaya radar. ADS-B imakhulupirira zimene ndege yanena. GPS ikasokonezedwa, kapena transponder ikazima, ndani aione ndegeyo? Ndi ADS-B yomweyo inatithandiza kudziwa dontho loona Lachitatu, ndipo tsiku lina radar ndiyo idzagwire bodza la ADS-B. Ziwirizi ndikuzifuna zonse.

Chakumadzulo kunagwa mvula yamabingu, magetsi anaphethira, mabatire anagwira mpaka jenereta italira. Ndinathamangira kuchipinda chowongolera mtima uli m'mwamba. Mayi aja anali pa sikirini yatsopano, akutsitsa ndege yochokera ku Victoria Falls kuti itere pa msewu wa ndege nambala 05. Sanacheuke n'komwe, anangokweza chala chachikulu n'kupitiriza kulankhula ndi woyendetsa.