Lachisanu ku Nkhotakota: kusaka mawu a gitala ya lidi

Mawa kuli ukwati, ndipo gulu lathu ndi limene likayimbe pa madyerero ku holo ina pa boma pano. Shopu ndinasiyira mng'ono wanga kuyambira m'mawa, chifukwa pedal yomwe tinagula mwezi watha kwa mnyamata wina wobwera ku Joni inali isanakonzedwe kuti izilira monga nyimbo zathu zifunira. Ndi Zoom G1X Four, kabokosi kopepuka kosinthira kaliridwe ka gitala, kokhala ndi chopondera chake pambali. Zinayamba kugulitsidwa mu 2019. Imasunga mapatch 50, kutanthauza makonzedwe a mawu osungidwiratu, ndipo patch imodzi imanyamula ma effect, zosinthira mawu, osapitirira 5.

Mapatch amene imabwera nawo ambiri ndi a anthu oyimba rock. Ukaponda, gitala imabangula. Kwa iwo n'zabwino ndithu, koma lidi yathu ndi ya zala zothamanga pa mawaya aang'ono a m'munsiwo, kawirikawiri mawaya awiri nthawi imodzi, ndipo distortion, kubangula kuja, ikalowapo mawu awiriwo amaphatikana mpaka osasiyanitsika. Ovina amatsata kulira kwa waya uliwonse. Ukawabisira zimenezo, miyendo yawo imazizira.

Cha m'ma 8 koloko ndinayala laputopu pa tebulo la pakhonde, dzuwa lisanafike poti munthu sungakhale panja. Pulogalamu yake ndi Guitar Lab, yaulere. Ndinaikopera usiku ndi bandulo ya usiku ija. Chingwe ndi cha USB yaing'ono, ngati cha mafoni akale aja, koma chiyenera kukhala chodutsa data. Zingwe zambiri za pamsika zimangotchaja, ndiye pedal imayaka bwinobwino pomwe kompyuta siyikuiona n'komwe. Chachitatu m'kabati ndi chomwe chinagwira. Choyamba kuchita chinali kusunga mapatch onse akale mu laputopu, kuti ndikamafufuta ndizifufuta ndi mtima pansi.

Apa ndi pamene pulogalamuyi ndimaikondera. Pa pedal penipenipo kasikirini n'kakang'ono, umadina uku, kupotokola uko, mpaka kuiwala pomwe unayambira. Pa laputopu zonse zili poyera, zandondozana kuchokera kumanzere kupita kumanja monga mawu amadutsira. Ukagwira effect ndi mausi n'kuisuntha, khutu limamva kusinthako nthawi yomweyo. Ndinayamba ndi ZNR yotseka phokoso, kenako compressor, kenako ampu, bokosi la sipika, delay yobwereza mawu pomaliza. Malo asanu atha. Ndandanda umenewu uli ndi chifukwa chake: compressor imakweza mawu ofooka n'kutsitsa amphamvu, ndiye ukaiika pambuyo pa delay imadzutsanso mawu obwerera aja omwe amayenera kumazilala, gitala n'kumamveka ngati anthu atatu akulankhula pamodzi.

Ampu ndinasankha yotchedwa FD TWNR, yotsanzira Fender Twin Reverb, ampu yodziwika ndi mawu oyera. Gain, imene ikakwera mawu amayamba kubangula, ndinatsitsa, bass ndinachepetsa kuti ndisalowe m'munda wa woyimba bezi, treble ndinakweza pang'ono.

Kunali kung'ung'uza kwina kosalekeza m'mahedifoni. Magetsi athu ndi a 50 Hz, ndipo gitala yanga ili ndi ma pickup, tizida totola kulira kwa mawaya, a mtundu wa single coil omwe amatola phokoso limenelo mosavuta. Nditazula tchaja ya laputopu pakhoma, kung'ung'uzako kunatsika kwambiri. Izi ndizilembe kuti anzanga adziwe: usakweze ZNR pofuna kupha phokoso lomwe likuchokera ku tchaja. Ukaikweza kwambiri imadula mchira wa noti isanathe kulira, ndipo pa nyimbo zodekha zimapweteka khutu.

Malume anafika cha m'ma 10 pa njinga yawo, atamanga kathumba ka mpunga wa kilombero kumbuyo. Iwowa anayimba gitala m'mabandi zaka zambiri ine ndisanabadwe, zala zawo nsonga zake n'zolimba mpaka pano ngakhale anasiya kalekale. Za kompyuta sazidziwa ndipo sazifuna. Anakhala pa mpando, ndinawaveka mahedifoni, ndikuyimba kachidutswa.

"Malume, mwaimva bwanji?"

Anakhala kaye chete. Kenako anati, "Yayera, koma yauma. Ilibe woiyankha. Gitala ya lidi imafunika ina yoithira mang'ombe kumbuyo."

Amanena delay. Ndinali nditaiika pongoyerekeza, ndiye mawu obwerera amagwera pakati pa ng'oma mosadziwika bwino. Kawerengedwe kake n'kosavuta: 60,000, omwe ndi ma millisecond (ms) a m'mphindi imodzi, kugawa ndi liwiro la nyimbo, kuchuluka kwa kugunda kwake pa mphindi. Nyimbo yathu yolowetsera akwati ili pa 120, kutanthauza 500 ms pa kugunda kumodzi, theka lake 250. Zovina zija zili pa 150, ndiye 400 ndi 200. Ndinayesa 400, malume anapukusa mutu. Pa 200, feedback yotsika kuti ibwereze kamodzi kapena kawiri basi, anayamba kugwedeza bondo.

"Imeneyo. Usaikhudzenso, iwe."

Ndinafuna kuwonjezera effect ya chorus kuti mawu anenepeko. Malo analibe, ndipo ngakhale malo akhalepo, makinawa ali ndi malire a mphamvu. Ukasanjikiza ma effect olemera amakulembera kuti PROCESS OVERFLOW, imodzi n'kuleka kugwira. Ndinachotsa ZNR pa patch ya zovina n'kuikapo chorus, poti ng'oma zikamalira kaphokoso kaja palibe angakamve. Malume sanaikonde kwenikweni, akuti ikuchititsa gitala kumveka ngati yamasuka mawaya. Ndinaichepetsa mpaka anangoti, "Chabwino, ndi nthawi yanu." Ine ndikuona kuti pang'ono pokha ikufunika, maka poti kiyibodi yathu imadzaza malo ambiri.

Tinadya nsima ya kondowole ndi usipa, malume n'kupita kukapuma pansi pa mtengo wa mango. Ine ndinatsala ndikupatsa mapatch mayina. Kulemba dzina pa kiyibodi ya laputopu ndi kamphindi chabe. AKWATI, ZOVINA, PEMPHERO, ndipo ndinawaika moyandikana kuti phazi lisamasakesake nyimbo ili mkati.

Madzulo tinanyamula zida pa kabaza kupita ku holo. Kumeneko zonse zomwe zimakoma m'mahedifoni zinasanduka zina. Holoyo ndi ya malata opanda siling'i, pansi simenti, makoma opanda kanthu. Noti imodzi imayenda kukagunda kukhoma la kumbuyo n'kubwerera yokha. Kareverb, komveketsa mawu ngati a m'chinyumba chachikulu, kamene ndinaika pa PEMPHERO ndinakachotseratu, chifukwa nyumbayo ikupereka kale yake. Treble imene imamveka yokoma pakhonde, pa masipika aakulu imalasa m'makutu, mpaka mayi wina amene amakongoletsa matebulo anatembenuka atakwinya nkhope. Ndinatsegulanso laputopu pamwamba pa sipika. Pa bokosi la sipika lija pali batani lotchedwa MIC. Ngati pedal ikupita mu ampu yeniyeni ya gitala limakhala OFF, koma ngati ikulowa mwachindunji mu mikisa, monga timachitira ife, liyenera kukhala ON. Nditaliyatsa pa mapatch onse atatu, kulasa kuja kunachepa, ndipo treble ndinangoibweza pang'ono.

Chinatidyera nthawi kwambiri ndi kulinganiza mphamvu ya mapatchwo. ZOVINA imatuluka mokweza kuposa AKWATI, moti kusintha pakati pa mwambo kukanadzidzimutsa anthu. Malume anakaima kumbuyo kwenikweni pafupi ndi chitseko, ine ndikuponda uku ndi uku, iwo akukweza kapena kutsitsa dzanja. Woyimba bezi anapempha kuti ndichepetsenso bass pa AKWATI, ndipo ananena zoona, tinali tikupondana.

Zimandiwawa ndikamaona achinyamata anzathu akugula mapedal ndi ndalama zovutikira, n'kumangoyimbira patch yomwe anaipeza momwemo, kenako n'kumati chidacho n'chachabechabe. Ena amakopera mapatch a pa intaneti opangidwa ndi munthu wa gitala ina, m'chipinda china, wa nyimbo zina. Kuyambira pamenepo palibe vuto, koma holo ya malata ya ku Nkhotakota munthu ameneyo sanaimvepo. Mnyamata wa kwaya ina amene amationerera pawindo ndamuuza kuti abwere Lachiwiri ndi pedal yake, tidzakhale pansi limodzi.

Magetsi anathima tikumaliza nyimbo yachitatu. Pedal sinazime chifukwa imadya moto wa laputopu kudzera pa USB, koma masipika anangoti zii, tinalongedza ndi matochi a mafoni. Eni ukwati atitsimikizira kuti jenereta ikhalapo. Ine ndagula mabatire 4 a AA ndipo power bank ili pa sola ya aneba, chifukwa moto wa jenereta sindiukhulupirira pa chida chaching'ono ngati ichi.

Mapatch atatuwo ndawasunga mu laputopu ndi pa fulashi. Chatsala ndi chimodzi: holo ikadzaza, matupi ndi zovala za anthu zimameza mawu a pamwamba, ndiye treble ija mwina idzafunika kubwezeredwa. Laputopu sindipita nayo. Ndidzapotokola batani la Hi pa pedal pomwepo, ndipo malume avomera kukhala kumbuyo kuti azindipatsa chizindikiro. Galimoto ya zida ifika 6 koloko m'mawa.