Sabata imodzi ku hospice, pakati pa Indiana ndi Michigan

Ine ndine nesi, ndimagwira ku hospice kuno ku South Bend, Indiana. Ntchito yanga ndi yoyendera odwala m'makomo mwawo, aja madokotala anena kuti kuchira kwavuta chatsala ndi kuwachepetsera ululu basi. Sabata yathayi nkhani ya chamba yandizungulira kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, ndiye ndati ndilembe poti ambiri a ife ochokera kumudzi tili m'ntchito zomwezi zosamalira okalamba.

Kuchoka pano kupita ku Niles, Michigan, sikufika ndi theka la ola pa galimoto. Kumeneko anavotera chamba cha mankhwala mu 2008, mu 2018 anavoteranso kuti aliyense wa zaka 21 atha kugula mu shopu. Illinois inatsegula 2020, Ohio inavota 2023, Kentucky nayo inayamba cha mankhwala mu January 2025. Indiana yatsala yokha pakati ngati chilumba, kuno ukapezeka nacho ngakhale chochepera magalamu 30 ndi mlandu, utha kukhala m'ndende mpaka masiku 180 ndi faindi ya $1,000. Koma anthu akuwoloka tsiku ndi tsiku, ndipo zomwe akugulazo zikuthera pa tebulo la pambali pa bedi la wodwala wanga.

Lolemba ndinali kwa agogo ena aamuna, khansa inayambira m'mapapo pano yalowa m'mafupa, chakudya anasiya kalekale, akungonyambita ka supuni ka pudding nkutembenuka. Ndikuwerenga mapiritsi a morphine otsala, mwana wawo wamkazi anatseka chitseko nkutulutsa kapaketi mu handibagi, ma gummy ofiira, timaswiti ta chamba, pa paketi palembedwa 10 mg THC kamodzi, THC ndi chija choledzeretsa cha m'chamba. Manja akunjenjemera akuti, ndiwapatse lonse kapena theka, nanga usiku ndikawapatsa lorazepam uja wowakhazika mtima pansi zigwirizana? Mayi uyu si wachamba ayi, ndi mphunzitsi wopuma pantchito amene watopa kuona bambo ake akutha. Ine kugwira paketiyo sindingagwire, kuwamwetsa ndiye nkosatheka, layisensi yanga ingapite. Koma kukhala chete nakonso nkupha munthu. Ndinamuuza zoona, kuti THC pamodzi ndi morphine ndi lorazepam zimaonjezera tulo ndi chizungulire, munthu wokalamba atha kusokonezeka mutu kapena kugwa popita kutoyileti, komanso gummy amachedwa kugwira, anthu amaona ngati sizikugwira nkuonjezera lina. Ndinaimbira adokotala pompo, ndinalembanso mu chart. Adokotala analemba dronabinol, THC ya mu kapisozi imene FDA, bungwe la boma lovomereza mankhwala, inavomereza mu 1985, imeneyo ku pharmacy ya ku Indiana imapezeka bwinobwino. Taganizani, kapisozi ndi wololedwa, gummy ndi mlandu.

Lachiwiri kunalibe zambiri, mabala ndi makatheta basi.

Lachitatu ndi limene linandipweteka mtima. Kuli mtsikana wina wa kwathu, CNA, wothandizira manesi kusamalira odwala, amagona kwa agogo ena aakazi mashifiti a usiku. Anandipeza panja pa galimoto akuti, achemwali tandithandizani, a m'nyumbamu akufuna ndizidontheza mafuta ena a chamba pansi pa lilime la agogo akamavutika usiku, akuti ndikakana apempha munthu wina ku agency. Mwana uyu ali ndi green card, akudikira kulemba za citizenship, kumudzi akulipirira ang'ono ake fizi. A m'nyumbamo sakudziwa, kapena sakufuna kudziwa, kuti kwa iye nkhani si ya Indiana yokha. Ku federal, boma la dziko lonse la America, chamba anachiika pa Schedule I, gulu la mankhwala oletsedwa kwambiri, mu lamulo la 1970, ndipo mu April 2019 a USCIS, ofesi yoona za mapepala a citizenship, ananena poyera kuti kukhudzana ndi chamba kutha kukulepheretsa citizenship ngakhale mu state imene ndi chololedwa. Kutanthauza kuti olo akanakhala ku Michigan konko vuto likanakhalapobe. Mzungu wa m'nyumbamo akagwidwa mwina ndi faindi chabe, uyu ndi mapepala onse amene wavutikira zaka. Ndinamuuza kuti asagwire botololo ngakhale kulisuntha pa tebulo, akane mwaulemu, anene kuti ntchito yake siimulola kupereka mankhwala, zomwe ndi zoonanso. Ndinalowa ndekha kukalankhula ndi banjalo kuti mkwiyo ugwere ine, asamuone iye ngati wouma mtima.

Ndipo ndikufuna abale amene muli m'ma nursing home ndi m'makomo mumve izi, chifundo chathu chija chotilepheretsa kukana munthu wamkulu akatipempha, pa nkhani iyi chingakuike pamavuto osatheka kubweza.

Lachinayi tinapeza chifukwa chomwe agogo ena amatuluka magazi m'nkhama ndi mikwingwirima m'mikono. Amamwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, ndiye mdzukulu amawapatsa mafuta a CBD, a m'chamba koma osaledzeretsa, mobisa kwa milungu, poopa kuti tikadziwa tiitana apolisi. CBD imachedwetsa chiwindi kuphwanya warfarin, magazi amapyapyala kupitirira muyezo. Chomvetsa chisoni nchakuti CBD ya THC yochepa ndi yololedwa ku Indiana kuyambira 2018, sanalakwe kalikonse pogula, mantha okha ndi amene anamutseka pakamwa. Akanatiuza tsiku loyamba bwenzi titangoyeza magazi nkusintha mulingo.

Pa msonkhano wa timu Lachisanu zinakula. Nesi mnzanga amene anagwirako ku emergency akuti iye sakufuna Indiana itsegule, waona ana aang'ono atadya ma gummy a makolo poyesa maswiti, waona achinyamata akusanza osaleka chifukwa chosuta kwambiri. Sindinamutsutse chifukwa ndi zoona, inenso ndinakula ndikumva kuti chamba chimapengetsa, ngakhale kwathu ku Malawi lamulo la 2020 linalola kulima cha mankhwala ndi cha mafakitale kusuta sikunaloledwe. Koma ndinati zimene ndikufuna ine si mashopu pa kona iliyonse, ndikufuna kuti cha odwala chikhale ndi lamulo lomveka, dokotala adziwe, mulingo ulembedwe, zidziwike kuti wopereka ndi ndani, osati kusiyira CNA wa malipiro ochepa kuti aganize yekha 2 koloko usiku. Ku Michigan caregiver, wopezera odwala chamba cha mankhwala, amalembetsa ku boma, amaloledwa odwala asanu, mitengo 12 pa wodwala aliyense, mukonde musakonde zinthu zili poyera. Kuno ma bill amapita ku nyumba ya malamulo ku Indianapolis chaka ndi chaka nkufera m'makomiti, Eric Holcomb ali gavanala ankangoti adikira federal isinthe kaye. Odwala anga alibe nthawi yodikira imeneyo.

Tinagwirizana kuti pa fomu yolandirira wodwala tionjezere funso la chamba ndi CBD, lofunsidwa mosaopseza, komanso ndapempha abwana kuti pakhale kalata yopita kwa mabanja yonena kuti ma CNA saloledwa kugwira zinthuzi. Akuti aonana kaye ndi maloya. Mtsikana uja padakali pano tamusinthira nyumba ina, maola ake sanachepe.