Siling'i isatsekedwe mlangizi asanaone

Pa ntchito yokonza mkati mwa nyumba, mlangizi amaimira mwini nyumba, ndipo maso ake azikhala pa zinthu zomwe zidzabisike: mawaya, mapaipi ndi mankhwala otchinga madzi. Zimenezi zikakwiririka, kukonza kwake n'kugumula basi.

Choncho kontrakitala asakhome mabodi a gypsum, otsekera siling'i, mawaya asanayesedwe. Mapaipi adzazidwe madzi mwamphamvu, aonedwe ngati akudontha polumikizira. Kubafa, akapaka mankhwala otchinga madzi, atseke potulukira, athire madzi n'kuwasiya maola 24. Madzi akatsika, matailosi adikire kaye.

Pansi ndi pomwe ambiri amapupuluma. Simenti yosalazira pansi imauma pafupifupi milimita imodzi pa tsiku, ndiye yokhuthala mamilimita 40 imafuna masiku 40, ndipo m'dzinja imachedwerapo. Mukayala laminate (timabodi toyala pansi tooneka ngati matabwa) simenti ili yaiwisi, laminateyo imafufuma n'kutukuka m'mphepete. Goneketsani chitsulo chowongoka cha mamita 2 pansipo. Mpata ukaposa mamilimita 3, asalazenso. Matailosi agulidwe a batch imodzi (opangidwa nthawi imodzi kufakitale), n'kuwonjezera 10 pa 100 alionse oti adzadulidwe kapena kusweka, chifukwa batch ikasintha mtundu umasiyanako, ndipo dzuwa likawomba zimaonekeratu.

Mikangano yambiri imachokera pa zogwirizana pakamwa. Mwini nyumba akati soketi isunthe, mlangizi alembe, mtengo udziwike, onse asayine, ntchito ibwere pambuyo. Koma zoti mlangizi alandire "ya fanta" kwa wogulitsa zipangizo, ayi ndithu. Katundu wake akabwera wachinyengo, mudzamubweza ndi pakamwa pati?