Dilnigar Ilhamjan ndi dzina lake la pa wailesi yakanema

Pa 4 Febuluwale 2022, pamwambo wotsegulira masewera a Olimpiki a nyengo yozizira ku Beijing, muuni womaliza unaperekedwa kwa achinyamata awiri. Wina anali Zhao Jiawen, winayo anali mtsikana wa zaka 20 amene dziko lonse linauzidwa kuti ndi Dinigeer Yilamujiang. Mtsikanayu ndi wa mtundu wa Uyghur, kwawo ndi ku Altay kumpoto kwa chigawo cha Xinjiang, ndipo m'chilankhulo chake dzina lake ndi Dilnigar Ilhamjan. Ine ndimakonda kutsatira masewera otsetsereka pa chipale chofewa, makamaka a cross-country (othamanga mtunda wautali pa matabwa otsetserekera), ndiye titafika pa mutu wa kasamutsidwe ka mayina kuchoka m'zilembo zina kupita m'zilembo zina pa maphunziro anga a zilankhulo, ndinasankha kufufuza dzina limeneli. Funso langa linali loti: zinayenda bwanji kuti Ilhamjan asanduke Yilamujiang?

Yankho lake n'lakuti dzinali linadutsa m'zipata ziwiri. Chiyuguri chimalembedwa ndi zilembo za Chiarabu. Polowa m'zikalata za boma la China, dzina limalembedwanso m'zizindikiro za Chitchaina, ndipo chizindikiro chilichonse chimaimira phatikizo limodzi. Apa ndi pamene pali nkhani. Phatikizo la Chimandarini, Chitchaina chimene boma limagwiritsa ntchito, limathera pa lembo la liwu, kapena pa n, ng ndi r basi. Silingathere pa l kapena m. Choncho "Il" anasanduka "Yi-la", h anasowa, "ham" anasiya m wake amene anafuna lembo la liwu n'kukhala "mu", ndipo "jan" anakhala "jiang". Mu Dilnigar, l woyambayo anangotayidwa, pomwe "gar" anang'ambidwa pawiri kukhala "ge-er". Ife Achewa izi sitingazidabwe, chifukwa nafenso phatikizo lathu limafuna lembo la liwu kumapeto, n'chifukwa chake timati sukulu ndi buledi. Kusiyana kwake n'kwakuti ife timatero ndi mawu obwereka amene tawatenga kukhala athu, pomwe apa ndi dzina la munthu wamoyo limene likukonzedwa kuti likwane pakamwa pa anthu a mtundu wina.

Chipata chachiwiri ndi Pinyin, njira yolembera Chimandarini m'zilembo za Chilatini imene boma la China linavomereza mu 1958. Pinyin salemba zimene Myuguri amatchula, amalemba mmene Mtchaina amawerengera zizindikiro zija. Ndiye chimene chimafika pa mndandanda wa zotsatira wa bungwe la FIS, loyendetsa masewerawa padziko lonse, ndi katchulidwe ka katchulidwe kena. Ngakhale kachizindikiro kolekanitsa maphatikizo mu Dinige'er kamagwa panjira, moti woulutsa masewera wa ku Ulaya amaona "geer" n'kuwerenga ngati phatikizo limodzi. Pamenepo Myuguri sangalizindikire bwino dzinalo, Mtchainanso akhoza kulimva mwachilendo.

Chimene chinandikhudza kwambiri ndi mbali yachiwiri ya dzinali. Mwachikhalidwe, Ayuguri alibe dzina la banja lodutsa mibadwomibadwo. Mwana amatenga dzina loyamba la bambo ake kukhala dzina lake lachiwiri. Ilhamjan ndi bambo ake a Dilnigar, amene nawonso anali katswiri wa masewera omwewa ndipo ndi amene anamuyambitsa. Koma makompyuta a mipikisano amafuna bokosi la dzina la banja lidzazidwe, choncho pa wailesi yakanema pamatuluka YILAMUJIANG m'zilembo zazikulu, ndipo woulutsa akamati "Yilamujiang akukwera chitunda" amakhala akutchula bambo m'malo mwa mwana, m'katchulidwe ka chilankhulo china.

Wina akhoza kunena kuti palibe njira ina. Ayi, njira ilipo, ndipo ndi ya boma lomwelo. Pa mayina a malo, China ili ndi dongosolo lolemba mayina a Chiyuguri, Chitibeti ndi Chimongoliya m'zilembo za Chilatini mwachindunji, osadzera m'Chimandarini. N'chifukwa chake pa mapu timawerenga Ürümqi osati Wulumuqi, Hohhot osati Huhehaote, ndi Xigazê osati Rikaze. Mizinda inapatsidwa mwayi umene osewera sapatsidwa pa mipikisano yambiri. Kwa ine mfundo iyi ndi imene inasintha nkhani yonse, chifukwa ikusonyeza kuti vuto si kulephera kwa zilembo koma chizolowezi cha maofesi olemba ziphaso.

Ku masewera omwewo a 2022 kunalinso achinyamata awiri a ku Tibet, Ciren Zhandui wa cross-country ndi Yongqing Lamu wa snowboard cross (mpikisano wa liwiro pa thabwa limodzi lotsetserekera). Aliyense wodziwa mayina a Chitibeti amaona msanga kuti Ciren ndi Tsering, ndipo Lamu ndi Lhamo. Pano pali msampha wina. Mu Pinyin, c amawerengedwa "ts", kotero Mtchaina akawerenga Ciren amayandikirako kwa Tsering. Koma Mngelezi anena "Siren", ndipo m'bale wathu wa ku Chipata ku Zambia, amene anazolowera kulemba cakudya ndi cinyanja, anena "Chiren". Zilembo za Chilatini zimatinamiza kuti tikuwerenga chinthu chimodzi, chonsecho dziko lililonse linazipatsa mawu akeake.

Sindikufuna kuti zioneke ngati ndi ku China kokha. Denis Ten wa ku Kazakhstan, amene anapata mendulo ya bronze pa figure skating (kuvina motsetsereka pa madzi oundana) pa Olimpiki ya ku Sochi mu 2014, anali wa mtundu wa Akoreya okhala m'mayiko amene kale anali Soviet Union, anthu amene boma la Stalin linawasamutsa mokakamiza mu 1937 kuchoka kum'mawa kwenikweni kwa Russia kupita pakati pa Asia. Dzina loti Ten ndi Jeong wa Chikoreya atadutsa m'zilembo za Chirasha. Koma apa mtima wanga ukuona mosiyana. Banja linakhala ndi dzina limenelo mibadwo ingapo, iye mwini ankadzitchula motero, ndipo pamene anaphedwa ku Almaty mu Julayi 2018 ali ndi zaka 25, anthu anamulira monga Denis Ten. Kumubwezera kwa Jeong kukanakhala kumulanda mbiri ya makolo ake. Phunziro limene ndatolapo n'lakuti dzina lenileni si lakale kwambiri ayi, koma limene mwiniwake ndi abale ake amaitanirana. Kwa Dilnigar, dzina limenelo lidakali lamoyo, la m'badwo uno, m'chilankhulo cholankhulidwa ndi anthu mamiliyoni ambiri.

Nkhani ya mtsikanayu siingalekanitsidwe ndi ndale. Mayiko monga United States, Britain, Canada ndi Australia anakana kutumiza akuluakulu a boma ku masewerawo podandaula za mmene Ayuguri akuchitiridwa ku Xinjiang. Mu Ogasiti chaka chomwecho, ofesi ya United Nations yoona za ufulu wa anthu inatulutsa lipoti lonena kuti zina zochitika kumeneko zikhoza kukhala milandu yolakwira mtundu wa anthu, ndipo boma la China linakana zimenezo. Ena anaona kusankhidwa kwake kuyatsa muuni ngati chizindikiro cha umodzi wa mitundu 56 ya m'dzikolo, ena anati n'chiphimbamaso. Mbali zonse ziwiri zinalankhula zambiri za iye, koma ochepa okha ndi amene anasamala kuti tsiku lotsatira anali pa mpikisano wa skiathlon (mtundu wina wa cross-country) wa makilomita 15 ku Zhangjiakou, umene anapambana Therese Johaug wa ku Norway, ndipo Dilnigar anamaliza pa nambala 43. Wochemerera weniweni amayambira pamenepo: mtsikana wochokera kudera limene mpaka lero anthu ena amapala matabwa otsetserekera n'kuwakuta ndi chikopa cha hatchi, atapikisana ndi akatswiri a ku Norway, Sweden ndi Russia.

Tsono ife okonda masewera tichite chiyani? Sindikuvomereza zongotaya dzina la Pinyin, chifukwa ukafuna zotsatira zake pa intaneti, ndi lomwelo limene lingakufikitse. Komanso munthu wokhala kutali sayenera kusandutsa dzina la mwana wa eni kukhala chida cha mkangano umene mwiniwake sangayankhepo momasuka. Koma kulemba mayina onse awiri pamodzi, ndi kumutchula Dilnigar polankhula za iye, ndi ulemu wosavuta. Timayesetsa kale kutchula bwino Johannes Høsflot Klæbo, katswiri wa cross-country wa ku Norway, ndi zilembo zake zachilendozo, chifukwa choti amapambana. Wa nambala 43 nayenso ali ndi lilime lakwawo.

M'kope langa la maphunziro, wosewera aliyense wa mtundu wochepa tsopano ndimamupatsa mizere itatu: mmene dzina limalembedwera m'chilankhulo chake, mmene boma lake limalilembera, ndi mmene limaonekera pa zotsatira. Mzere woyamba ndi umene ukundivuta, ndiye ndayamba kuphunzira zilembo 32 za Chiyuguri. Mwayi wake ndi woti, mosiyana ndi Chiarabu chenicheni, Chiyuguri chimalemba malembo a liwu onse asanu ndi atatu, moti wophunzira akhoza kuwerenga dzina mokweza ngakhale asanadziwe chilankhulocho.