Tsiku limene maliro anavina tchopa pa Chitakale

Ndili mtsikana ndinkalakalaka kudzakhala ngati malemu Gertrude Kamkwatira, mayi uja anatsogolera gulu la zisudzo la Wakhumbata, mtsogoleri wake Du Chisiza atamwalira mu 1999. Ndinkayeserera kulira pa kagalasi kosweka ka amayi, mpaka azakhali anafunsa ngati mutu wanga ukukoka bwino.

Mwayi unandipeza pa Chitakale. Gulu lathu la zisudzo linakonza sewero la kulanda chuma cha masiye, ndipo otsogolera anati andipatsa mbali yaikulu. Mbali yake, maliro. Kugona pamkeka basi, atandifunditsa chitenje kuchokera kumutu mpaka kumapazi, achibale akukanganirana mbuzi ndi malata.

Tsikulo mvula inali itangokata, phiri la Mulanje litabisala m'mitambo. Othyola tiyi anadzaza bwalo, ena madengu akadali kumsana. Mkeka anauyala pansi pa mtengo wa mango, osaona kuti pomwepo pakudutsa mzere wa linthumbu.

Loyamba linandiluma pakakolo. Ndinakukuta mano, poti wakufa sadzikanda. Linzake linakwera m'katumba, lina kuseri kwa bondo. Mnyamata yemwe ankasewera ngati mwamuna wanga anagwada pafupi n'kumabuma: "Mkazi wanga, anawa wandisiyira ndani?"

Ndinanong'ona, "Achimwene, fulumirani, linthumbu!"

Iye anayesa ndikumuyamikira. Anawonjezera maliro, mpaka kugubuduka.

Litafika m'chiuno, za Kamkwatira ndinaiwala. Dzambatu! Chitenje uko, ine kuponda pansi, kudzimenya m'ntchafu, chiuno chikuzungulira chokha. Ana anabalalika akukuwa kuti mzukwa. Mayi wogulitsa nanazi anathawa kusiya beseni. Koma woimba ng'oma, yemwe ankadikira gule wotsekera, anangoona mapazi anga n'kuyamba kusaka tchopa. Nanga ndikanatani? Ndinavina, misozi yeniyeni ili mbwe, nthungululu zili pwirikiti.

Agogo ena anandifupa K50, amvekere, "Mwana iwe, Okutobala uno upite ku Chonde. Ku Mulhako ukawaonetse mavinidwe."

Otsogolera anakondwa, nasintha sewero lonse kuti maliro azidzuka n'kuvina. Sabata yotsatira tinakasewera ku Luchenza, mkeka nditaukuntha ndekha katatu. Ndinadzuka, ndinavina ndi mphamvu zanga zonse. Pobwerera mu minibasi anandiyang'ana mokhumudwa.

"Chemwali, lero mwavina mwaulesi. Moto wa pa Chitakale uja mwausiya kuti?"