Vinyo wa nyanga

Ndatha zaka zitatu ndikuperekera zakudya pa lesitilanti ya pafamu ina ya mpesa kufupi ndi Stellenbosch, ndiye malume ndi amayi aang'ono atabwera kudzandiona ku Kayamandi, ndinati aone kuti mwana wawo sakungotsuka mbale ku Joni kuno. Ndinagula kabotolo ka vinyo woyera wa Noble Late Harvest, ka 375 ml, pa mtengo umene sindinauze ngakhale mkazi wanga.

Vinyo ameneyu sali ngati anzake. Mphesa zina amakolola mu February ndi March, koma izi, za mtundu wa Chenin Blanc, amazisiya dala m'munda mpaka zitachita nkhungu yotchedwa botrytis. Nkhunguyo imaboola khungu la mphesa, madzi n'kuuma, shuga n'kutsala. Zikafinyidwa zimatulutsa timadzi tochepa, tagolide, tonunkhira uchi ndi zipatso zouma. N'chifukwa chake botolo limakhala laling'ono koma mtengo wa mbuzi.

Ndinakaziziritsa bwinobwino mufiriji, ndinabwereka matambula anayi ang'onoang'ono, n'kuthira monga timathirira kuntchito: zala ziwiri basi.

Malume anayang'ana tambula, n'kuyang'ana ine.

"Mphwanga, kodi ndi mankhwala a chifuwa?"

"Ayi malume, amamwa choncho. Muyambe mwanunkhiza."

"Kwathu wonunkhiza chakudya cha eni ake ndi galu."

Apa m'pamene ndikanatseka pakamwa. Koma ukaloweza zinthu zaka zitatu, lilime limayabwa. Ndinayamba ulaliki uja timapereka kwa alendo a ku Germany, kungoti tsopano m'Chichewa. Ndinati munda wa mpesa umenewu sathiramo feteleza wa m'sitolo kapena mankhwala opha udzu, amatsata ulimi wa biodynamic umene anayambitsa Rudolf Steiner wa ku Austria mu 1924. Mpaka pamenepa malume ankagwedeza mutu, poti mtengo wa feteleza amaudziwa.

"Ndiye amatenga ndowe ya ng'ombe yaikazi," ndinapitiriza, "n'kuiphatika mu nyanga, n'kukwirira nyangayo m'munda nyengo yonse yozizira."

M'Chingerezi mawu amenewa ndawanena kambirimbiri, azungu n'kumangoti ndi zosangalatsa. Sindinaganizepo kuti m'chinenero chathu amamveka bwanji. Amayi aang'ono, amene ndi a Mvano ndipo vinyoyo anangomugwira mwaulemu, anaika tambula pansi pang'onopang'ono ngati dzira.

"Wati amakwirira chiyani?"

"Nyanga, amayi. Koma ya ng'ombe."

"Nanga kumudzi amakwirira ya nkhuku?"

Pofuna kukonza, ndinaonongeratu. Ndinafotokoza kuti akaifukula amatapa pang'ono, n'kutakasa m'madzi ola lathunthu, uku ndi uku, kenako n'kuwaza m'munda madzulo. Ndinaonjeza kuti podzala ndi podulira amayang'ana mwezi, ndipo kalendala yawo, ya mayi wina wa ku Germany dzina lake Maria Thun, ili ndi masiku a mizu, a masamba, a maluwa ndi a zipatso. Ndinanenanso monyadira kuti ndasankha dala tsiku la zipatso, poti akuti m'pamene vinyo amakoma.

Ndiye tawerengani nokha: nyanga, ndowe, kuwaza madzulo, kudikira mwezi, mphesa zoola. Ndikanakhala mfumu, mlandu umenewu ndikanaugamula osaitana mboni.

Ndinathawira kukhitchini kukatenga tchizi chabuluu, chimene chimayenda bwino ndi vinyo wotsekemera chifukwa cha mchere wake. Ndili m'njira ndinakumbukira kuti nachonso n'chankhungu, ndinabwerera kukachibisa kuseri kwa mafuta ophikira. Mphindi ziwiri zokha zimenezo.

Pobwera ndinapeza malume aimirira, jagi ya pulasitiki ili patebulo. Iwo za nyanga analibe nazo mantha, anali atalawa kale. Vuto lawo linali lina.

"Mphwanga, akubera sukulu azunguwa. Ichi n'chosasungunula. Sobo sitimwa chonchi."

Botolo lonse anali atakhuthulira mujagi, pamodzi ndi za m'matambula, n'kudzaza madzi a pampopi mpaka pakamwa. Ankatakasa ndi mpeni wa buledi, uku ndi uku. Dzuwa la chaka chonse lija linauma m'mphesa, malume analibwezera madzi ake m'masekondi khumi. Anandithirira kapu yodzaza, yeniyeni ya tiyi, n'kunena kuti umu ndi mmene munthu amalandirira alendo.

Ndinamwa. Chondipweteka mpaka lero n'chakuti sizinali zoipa kwenikweni.

Amayi aang'ono sanalawe. Anali panja, foni kukhutu, ndipo ndinangomva mawu akuti "akulu, khalani pansi kaye". Usiku womwewo amayi anandiimbira pa WhatsApp kuchokera ku Dedza. Moni sanapereke. Anafunsa ngati ndalama za malata ndinatumiza chaka chatha zija zinali za malipiro enieni, ndipo ndisaname poti abusa ali pomwepo akumva.

Tili mkati molumbira, malume anandikodola, jagi ili m'manja, n'kunong'ona kuti ndiwafunsire kuntchito ngati nyanga imeneyi imagwiranso pa fodya.