Amalume, digiri iyi ndi yanu

Ndangovula gauni, mapazi atupa, mawu atha ndi kulira, koma sindigona ndisanalembe izi. Lero ku Great Hall ku Zomba aitana dzina langa, ndipo digiri ya Earth Sciences, maphunziro a miyala ndi nthaka, ili pano pambali panga. Yehova, ndinu amene mwachita.

Ambiri mukudziwa zomwe zinatigwera mu Malichi 2023, sindibwereza zonse. Napolo wa Freddy anatsika kwathu ku Phalombe, nyumba ya amayi inapita, mbuzi zinapita, munda umene unkandilipirira fizi unasanduka bwalo la miyala ikuluikulu. Chinandipweteka kwambiri n'chakuti zimenezi ndinali nditaziphunzira m'kalasi: dothi la m'phiri likamwa madzi mopyola limaleka kugwira thanthwe lapansi, n'kutsetsereka ndi miyala yonse ndi mitengo yomwe. Za napolo wa 1991 wa ku Michesi ndinkalemba pa mayeso ngati nkhani ya anthu ena. Nditawapeza amayi ku msasa atafunda chitenje chobwereka, ndinawauza kuti sukulu ndasiya.

Amalume, inu munamva mawu amenewo ndipo simunandiyankhe. Mmawa wake munandiitanira kuseri kwa kalasi yomwe tinkagonamo, n'kumasula kansanza komwe munali kamwala kobiriwira ngati thambo. Akwa uja, mwala wamtengo wapatali wa aquamarine, munakumba ku Mzimba mudakali ndi mphamvu. Munati, "Uwu ndinkasungira maliro anga, koma akandiike m'mphasa, iwe bwerera ku Zomba." Mwala uja munagulitsa. Ndalama zitaperewera munagulitsanso njinga yanu ya kabaza, ndipo chaka chonse munkayenda wapansi kukagwira ganyu. Kodi zoterezi munthu amathokoza bwanji?

Ndipo simunalekere pa fizi. Nthawi ya pulojekiti yomaliza, pamene ndinkaopa kupita ndekha kutchire, munati mundiperekeza. Masabata atatu ku Mzimba, ine ndi nyundo, kampasi ndi mapu, inu ndi chigubu cha madzi ndi maso anu basi. Munthu wolekeza Sitandade 4, koma ndinu amene munandionetsa kuti akwa sapezeka pakati pa mwala woyera uja wa quartz, amabisala m'mbali mwake. Usiku ndinkatsegula buku pa tochi ya foni n'kupeza zomwezo: pegmatite, thanthwe lomwe akwa amapezekamo, ndi zotsalira za thanthwe la granite pamene ankazizira pansi pa nthaka, zodzala madzi, n'chifukwa chake miyala yake imakula ikuluikulu, quartz pakati, feldspar ndi mica kuzungulira, beryl n'kukhala m'malire mwa quartz. Nditakuuzani kuti akwa wanu dzina lake ndi beryl, kuti ali ndi mbali 6, kuti kubiriwira kwake kumachokera ku chitsulo chochepa chabe cholowa mkati mwake, munakhala chete nthawi yaitali. Kenako munati zaka zonse zija munkagulitsa miyala yotere pa mtengo wa thumba la feteleza chifukwa wogula yekha ndiye ankadziwa chomwe wagwira. Mawu amenewo andiyendetsa mpaka lero. Ndikawerenga za ruby ndi sapphire wa ku Chimwadzulu ku Ntcheu, kapena za zitsulo zosowa zotchedwa rare earths za ku Kangankunde ndi phiri la Songwe kwathu komweko, ndimaona nkhope yanu.

Aphunzitsi anga onse, zikomo, makamaka amene munandilola kulemba mayeso aja mochedwa osandifunsa zambiri. Bambo a ku labu, miyala yanga munaicheka mpaka kupyapyala kwa mamilimita 0.03 kuti kuwala kudutse pa maikulosikopu, ina itasweka munayambiranso osadandaula. Anzanga a m'kalasi amene tinkagawana nsima ya bonya, ndi iwe mnzanga wa m'chipinda amene unandibwereka laputopu miyezi inayi, Mulungu akuonjezereni. Amayi a kumpingo amene munkatumiza ufa, ndinkadya ndikukupemphererani.

Alipo ena amene mafoni awo anasiya kupezeka madzi atangophwa, achibale enieni. Aliponso aja ankandiseka kuti mtsikana wanzeru zake angakaphunzire miyala, adzadya miyala kodi. Mauthenga anu a lero ndawaona. Sindikusungirani mangawa, koma amayi anagona pansi m'kalasi miyezi iwiri ndipo amene anabwera tikuwadziwa.

Amayi anga, mwalira kuyambira pa geti mpaka pojambulitsa. Pepani chifukwa cha mawu aja a ku msasa. Nyumba tidzamanganso, ndipo ulendo uno malo ndisankha ndine, kutali ndi khwawa.

Amalume sanabwere lero, mwendo watupanso ndipo minibasi sakanaipirira. Amene mumapemphera, muwaikeko m'mapemphero. Wina wa kumudzi amene ali pa Facebook awawerengere izi chonde, mokweza, chifukwa khutu lakumanzere silimva bwino. Amalume, Loweruka ndikubwera ndi pepalali kuti muligwire ndi manja anu. Ndikubweretseraninso kagalasi koonera miyala kaja munkakakonda ku Mzimba, ndagula kanukanu.